Kabotolo Kofunda ka Mlangizi

Anzanga, tamverani fanizo ili, sindingathenso kulisunga mumtima!

Kudera lina kunali mlangizi wa ziweto. Chaka chilichonse, chitopa chisanafike, ankayenda pa njinga kukatemera nkhuku. Katemerayo ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, basi. Koma amafuna kuzizira. Akatenthedwa, amasanduka madzi wamba.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, tayala linaphulika panjira. Anakankha njinga padzuwa mpaka masana. Potsegula kabokosi kake, anapeza ayezi yense atasungunuka, kabotolo kali kofunda ngati tiyi.

Pansi pa mtengo wa mango amayi anali atadikira kuyambira m'mawa, nkhuku zili zomanga miyendo. Mmodzi wa iwo, aNangozo, anagwira kabotoloko.

"Alangizi, chaka chatha kanali kozizira. Kali bwino koma?"

Mlangizi anayang'ana khamu lija, manyazi n'kumugwira. Angabweze bwanji anthu onsewa?

"Musadandaule mayi, wa chaka chino ndi wamakono, saopa dzuwa. Bweretsani tambalayo."

Patatha milungu itatu chitopa chinafika. Nkhuku zinapotoka makosi, makola onse psiti! Anthu anati katemera ndiye wapha nkhuku zawo.

Chaka chotsatira mlangizi analawira mbandakucha, ayezi wodzaza, katemera wabwinobwino. Pansi pa mango panalibe munthu. Anapita khomo ndi khomo, mpaka anapeza aNangozo akumwaza gaga kwa anapiye amene anapempha kwa abale.

"Mayi, ulendo uno ndi wozizira, tagwirani nokha."

"Pitirirani alangizi. Kadontho kanu tinakaona."

Tsopano ankanena zoona, koma womumvera panalibe. Chitopa chinabweranso, anapiye aja n'kupitanso. Mlangizi anakhala pambali pa msewu, kabotolo kozizira kali m'manja, akungoti, "Ndikanangonena kuti pepani, ndibweranso mawa."

Mwamva, anzanga? Enafe tidzakhala anamwino, ena aphunzitsi, ena amakaniko. Anthu adzatibweretsera zawo zonse chifukwa sadziwa zimene ife tikudziwa. Tikadzawanamiza kamodzi pothawa manyazi a tsiku limodzi, adzakana ngakhale mankhwala enieni amene akanawapulumutsa.

Koma chimene chandisangalatsa n'chakuti ifeyo tidakali pansi pa mango paja, funso la aNangozo lija langofunsidwa kumene! Mulungu watipatsa lero. Ngati kabotolo kako kafunda, nena kuti kafunda.