Ng'oma ya Apongozi a Fergal

Fergal Tuohy anali wokonza mipope ya madzi ku Ballarat, munthu wa manja aakulu ndi mtima wosavuta, kufikira tsiku limene mkazi wake Moira anamupatsa ng'oma ya malemu bambo a Moirayo. Inali ng'oma yaphanthiphanthi ngati lichero, ya chikopa cha mbuzi, yoimbidwa ndi kamtengo kamodzi. Mkuluyo anachoka nayo ku Ireland ali mnyamata, ndipo Moira ankaisunga ngati dzira.

Moirayo ankaimba vayolini, ndipo mnzawo wachikulire, a Lachlan Baird, ankaliza chitoliro. Ankangosowa wa ng'oma. Fergal anaphunzira msanga, koma anatulukiranso msanga kuti chikopa chikatenthedwa chimakungika n'kumalira ngati mfuti. Kuyambira pamenepo ankaiyanika pakhonde ngati mfutso.

"Uziiwaza timadzi, iwe," anatero Moira tsiku lina akutsuka makapu. "Adadi ankachita kuimwetsako mowa wawo. Kuno si kwawo kwa mvula."

"Adadi ako ankaimbira anthu asanu m'kachipinda komweramo mowa," anayankha Fergal. "Ine ndikufuna andimve ndi ogontha omwe."

Mu Januwale munafika chikondwerero cha makedzana, pamene anthu a m'maofesi amavala ngati mafumu ndi ankhondo akale, n'kumaguguda miyendo ya nkhukundembo atakoleka malupanga a thabwa m'chiuno. Atatuwo anapatsidwa mwayi umene anaudikira zaka zinayi: kuimbira gule wa mfumukazi masana. Mfumukazi ya chaka chimenecho inali mayi wozula mano wa m'tauni momwemo.

Dzuwa linaswa mtengo, ndipo mphepo ya kumpoto inkawomba ngati yochokera mu uvuni. Fergal, ali thukuta kamukamu m'chimkanjo cha ubweya wa nkhosa, anagoneka ng'omayo pa boneti ya galimoto.

A Lachlan anaigogoda ndi chikhadabo, nagwedeza mutu. "Amwene, chikopachi chatsala pang'ono kuyankhula chokha. Nali botolo la madzi."

"Imwani ndinu, madala. Mpweya wa chitoliro ungakuthereni panjira."

Nyimbo yoyamba itayamba, palibe anamva vayolini. Chitoliro chinkangooneka ndi maso, masaya a a Lachlan akufufuma ndi kuphwa pachabe. Ng'oma yokha ndiyo inadzaza bwalo, mpaka akavalo a ankhondo kuseri kwa mahema anayamba kupalasa pansi. Fergal ataona anthu akutembenuka kumuyang'ana anati ndiye kutchuka kumeneku, nawonjezera mphamvu. Moira anamuponyera diso kawiri. Iye anayesa kuti akumuyamikira.

Pakati pa nyimbo yachitatu, mfumukazi itakwinya mkanjo n'kumazungulira ndi nduna zake, panamveka phwaa! Kamtengo kanalowa, dzanja n'kutsatira mpaka m'chigongono. Fergal anangoti kakasi, ng'oma ili lende pamkono ngati chibangili.

Moira sanaime kuimba. A Lachlan nawonso sanaime. Nyimbo inatuluka yoyera ngati madzi a pakasupe, ndipo ovina, omwe anali atayamba kupondana, anapeza mapazi awo navina mpaka kumapeto. M'manja munawombedwa nthawi yaitali.

Mfumukazi inabwera ikudzikupiza ndi chisoti chake cha katoni. "Mayi, vayolini yanuyi ndi yokoma zedi," inatero kwa Moira. "Kodi munafika mochedwa? Poyamba paja sitinakumveni."

Anthu atabalalika, Moira anavula ng'omayo pamkono pa mwamuna wake naitembenuza. Kuseri kwa chikopa kunali banga lakuda, losalala, pamene chikhatho cha bambo ake chinkatsamira kwa zaka makumi anayi. Mng'alu unadutsa pakati penipeni pa bangalo.

"Ndigula chikopa china mawa lomwe," anatero Fergal, mawu ali pansi koyamba chilandirireni ng'omayo.

"Mbuzi ziliko zambiri, Fergal," anatero Moira, osakweza mawu. "Koma dzanja la adadi linali pa ichi."

Anaikulunga m'shawelo yake, nakakhala nayo kumpando wakumbuyo. Njira yonse yobwerera kunyumba Fergal anayendetsa galimoto ngati dalaivala waganyu, wailesi ili yozima. A Lachlan, amene anakhala naye kutsogolo, anamwa madzi onse a m'botolo muja pang'onopang'ono. Pajatu akuluakulu ananena kale: ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.