Gawo Loyamba la Gombe la Kanchenche

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unabadwira pa gombe la Kanchenche, m'zaka zimene nyanja inabwerera m'mbuyo n'kusiya mchenga wotambalala.

Malo atachuluka, mikangano inachulukanso. Asodzi ankakocheza mabwato potungira madzi, olima mpunga ankatentha bango loswerana nsomba, ndipo oyanika usipa ankazika mathandala awo paliponse. Anthu atatopa nazo, anagwirizana zogawa gombelo mwadongosolo, nasankha Namalinga, mayi woyanika usipa, kuti atsogolere ntchitoyo.

Pakati pa gombelo pankadutsa khwawa louma lochokera kumapiri. Linali litakwiririka n'kusalala ngati bwalo, kotero kuti mathandala abwino onse, kuphatikizapo a Namalinga, anali momwemo. Pokumba dzenje la chikhomo choyamba cha malire, mayiyu anapeza miyala yobulungira ya kumapiri pansi pa mchengawo. Anadzifunsa chimene chinaikokolola kudzafika nayo kunyanja, ndipo yankho lake linamusowetsa mtendere.

Pamsonkhano ananena kuti munthu asanalandire malo, gawo loyamba liperekedwe kwa madzi, ndipo khwawalo lisiyidwe lopanda kanthu. Anthu ananyinyirika, pakuti usipa unali utayamba kugwidwa. Kachigunda, mlamu wake, ndiye anaseketsa gulu.

"Alamu, madzi amenewa ali ndi ana angati kuti tiwasiyire malo? Anga mukuwadziwa, amadya ngati dzombe."

"Madziwo sadzabwera modzapempha, alamu," anayankha Namalinga. "Ndiyamba kuzula mathandala anga."

Anazuladi, nawasenzera kumtunda kwa miyala, kutali ndi mabwato. Ogula ankathera kumunsi, usipa wake n'kumangokhala m'madengu. Owerengeka anamutsatira, koma Kachigunda anakazika mathandala atsopano pamalo pomwe mlamu wake anasiya. Namalinga sanakangane naye. M'mawa uliwonse ankakumba, napeza pomwe miyala ija inkathera, n'kukhoma zikhomo mbali zonse ziwiri za khwawalo kufikira kunyanja.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, kumapiri kunada bii. Ku Kanchenche sikunagwe ngakhale dontho, ndipo mathandala anali odzaza. Masana kunamveka mkokomo. Anthu anathawira kumtunda, akuona madzi ofiira akutsika ndi zitsa, n'kudutsa ndendende pakati pa zikhomo za Namalinga. Usipa wonse wa Kachigunda unabwerera kumene unachokera.

Madzi ataphwa, Kachigunda anaima nthawi yaitali m'matopemo. Kenaka anatola mtengo umodzi wotsala wa thandala lake, nausongola, n'kupita nawo kwa mlamu wake.

"Chikhomo china ndi ichi, alamu. Ife tinaiwala, koma madzi saiwala khwawa."

Mawa lake kugawa kunayamba. Khwawa linalandira gawo lake, bango linasiyiridwa nsomba, ndipo pamalo otsalawo m'pamene anthu anagawana pokocheza, potunga ndi poyanika.

Apo m'pamene panachokera mwambi wakuti madzi saiwala khwawa. Umatiphunzitsa kuti chinthu chimabwerera kunjira imene chinazolowera, ngakhale patapita zaka. Timaunena kwa munthu wobwerera kukhalidwe lake lakale, komanso kwa wokonza dongosolo la malo: asanafunse chimene anthu akufuna, ayambe wafufuza amene ankadutsapo iye asanabwere.