Chule Mkamwini ndi Timbewu ta Pathanthwe

Kalekale, nyama zikadayankhula, akulunso akadamveredwa, Gulo ankakhala pathanthwe louma. M'ming'alu ya thanthwelo munali timbewu take ta masamba onenepa, tosunga madzi m'kati. Tinali ta mitundu itatu: tofiira, taubweya, ndi tonga zala za khanda. Dzuwa likaumitsa madambo, banja lonse linkayamwa timasambato. Madzi ena kunalibe.

Ndiye kunabwera Chule wa kudambo kudzakwatira mwana wa Gulo. Mkamwini watsopano mukumudziwa, safuna kuoneka waulesi.

"Apongozi," anatero Chule, "timbewu tanuti tapinimbira. Simutisamala."

"Tisiyeni, akamwini. Tinazolowera."

Chule anamva, koma anamvera m'khutu limodzi. Dambo linali lisanaume, tsono anayamba kutunga madzi n'kumathirira tofiira, m'mawa ndi madzulo. Tinaola.

"Akamwini, mwatani?"

"Tinali todwala kale, apongozi."

Anamweta udzu n'kumangira taubweya mthunzi. Tinatalika, tinayera mbuu, tinagwa.

"Akamwini, mwatani?"

"Koma kutalikako mwakuona, apongozi?"

Anazula tonga zala za khanda n'kukatiwokera kudambo, padothi lakuda. Podumphadumpha, timasamba tina tinathothoka n'kugwera mumng'alu. Iye sanacheuke. Tomwe anawokerato tinasungunuka ngati mchere.

Gulo sanafunsenso. Anangogwedeza mutu.

Kenaka dzuwa linakwiya. Dambo linang'ambika. Mkazi wa Chule anagona osatha kudzuka, Chuleyo khungu lili gwa ngati chikopa cha ng'oma.

"Apongozi," ananong'ona, "tikufa."

"Tikufa ndani? Si inu alimi a kudambo?"

Komabe mwana ndi mwana. Gulo anakwawira kumng'alu kuja, Chule akudzikoka pambuyo. Timasamba tinathothoka tija tinali titamera mizu patokha, tonenepa bwino.

"Taonani, akamwini. Tamoyo ndi tokhato timene munaiwala kutithandiza."

Anathothola tsamba limodzi n'kupatsa mwana wake. Kwa Chule anapereka theka la tsamba lina.

Mvula itagwa, Chule anabwerera kwawo, ndipo mpaka lero amafuula kudambo kuti iye ankangothandiza. Gulo akadali pathanthwe, akugwedezabe mutu.

Ana inu, mukapeza chinthu chikukhala bwino pamwala pake, chisiyeni. Nkhalamba ikati "ndinazolowera," musainyamule kuti mukaiwokere kwina. Koma ndikuuza yani? Mwayamba kale kuyang'ana kumbali.

Yathera pompa nthano yanga. Kaphuleni mbatata, ngati sinapserere.