Dzina Loyenda mu Nkhungu

Kalekale, kunsi kwa phiri la nkhungu, kudabwera mmisiri womanga milatho wochokera ku Sikotilandi. Dzina lake anali Geleni. Ankati kwawo dzinali ndi la mtundu, komanso ndi mmene amatchulira chigwa chobisika pakati pa mapiri. Adamanga, adakalamba, adamwalira wopanda mwana. Thupi anthu adaliika, koma dzina lidatsala panja, lopanda mwini.

Ndiye chiperoni chikagwa, dzinalo linkayenda mu nkhungu, khomo ndi khomo.

Lidafika kwa wosula makasu. "Odi! Nditengeniko."

"Langa lilipo, pita uko!"

Lidafika kwa wofulula mowa. "Iyayi, ungandipinde lilime."

Lidafika kwa woluka mphasa. Ameneyo, ulesi wake, ngakhale kudzutsa mutu!

Tsono kumapeto kwa mudzi kunali mayi wina, Nanyoni, amene adaika ana atatu m'manda. Tsikulo anali m'chikuta ndi khanda, mchombo utangogwa kumene. Apongozi ake adati, "Mutcheni Chidothi, kuti Imfa inyansidwe naye."

"Amayi, uja tidamutcha Maliro, adapita. Mavuto adapita. Chitayeni adapita. Ndatopa ine, mtima ukundiwawa."

Nkhungu idalowa pang'onopang'ono pansi pa chitseko, yoyera ngati ufa.

"Odi!"

"Ndiwe yani?" adafunsa Nanyoni.

"Ndine dzina lamasiye. Ndazizidwa."

"Umatanthauzanji?"

"Chigwa, pomwe mphepo siifika."

Nanyoni adagwidwa chisoni. "Nawenso ulibe wako? Lowa, ugone pa mwana wangayu, mufunditsane."

Kutacha, Imfa idabwera ndi dengu lake pamutu, monga idazolowera. Idaima pakhomo. Nanyoni adalikumbatira khanda lake.

"Mayi, wakhandayo ndani?"

"Ndi Geleni."

Imfa idatula dengu, nkukanda m'mutu. "Geleni? Womanga milatho uja? Aaa, ameneyo ndidamtenga kalekale. Ine munthu sindimtenga kawiri." Idasenza dengu lake lopanda kanthu, nkuzimirira mu nkhungu.

Anthuni, Nanyoni adalira, adaseka, adaliranso! Mwanayo adakwawa, adayenda, adakwatira. Pamene Imfa inkazindikira kuti Geleni alipo wina, nkuti mano atamuthera m'kamwa, zidzukulu zitadzaza chigwa chonse, zonse zikuyitanidwa ndi dzina lomwelo.

Mwamva inu? Wamasiye akagogoda, tsegulani, chifukwa simudziwa tsoka limene adzalitsekere kunja kwa nyumba yanu.

Nkhungu yayera, nthano yanga yathera pomwepa.