Kamuvi Kogona m'Galimoto ya Malemu

Pakhomo pa mayi woweta nkhuku, tsiku linkayamba ndi kutsokomola kwa pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi, imene malemu bambo awo anasiya. Utoto unali utasuluka, chitseko cha kumanzere chinkatseguka ndi chibakera, koma pamatope ndi pachitunda galimotoyo inkachititsa manyazi zatsopano. Woyendetsa anali mlongo wawo wa mayiwo, mzime wa m'banjamo, amene anthu ankangomutcha Hutala chifukwa pamsewu ndi pakamwa pomwe sankadziwa kukhala chete.

Bambo atamwalira, mayiwo ankafuna kulemba dalaivala wapadera, munthu woti akalakwa n'kumukalipira popanda kudula chibale. Hutala anachonderera mpaka misozi. Anati chiwongolero chimenecho anayamba kuchigwira atakhala pamiyendo pa bambo ake, ndipo kuchipereka kwa mlendo kunali kuwaika m'manda kachiwiri. Alongo akewo anagwidwa chisoni, koma anaikapo mawu: malinga ngati mazira akufika kwa ogula ali athunthu, makiyi ndi ake. Tsiku limene adzawononge katundu chifukwa cha kusasamala, adzabweze yekha makiyiwo osadikira kuuzidwa. Hutala anavomera msangamsanga, monga amachitira munthu amene sakuganiza kuti tsikulo lingafike.

Vuto linayamba ngati masewera. Kamuvi ka sipidomita, kaja kamaloza liwiro la galimoto, kanayamba kunjenjemera. Pena kankadumphira m'mwamba galimoto ikukwawa, pena kankagwa galimoto ikuthamanga. Kenaka m'mawa wina kanagona pa ziro osadzukanso, ndipo manambala owerenga mtunda nawonso anaima.

Amuna awo a mayiwo anali makaniko, munthu wa mawu ochepa, ndipo galaja yawo inali kuseri kwa makola a nkhuku. Hutala sankawakonda kwenikweni, ndipo chifukwa chake chinali chakale. Malemu akafuna kumasula kanthu m'galimotomo ankaitana mkamwini wawo, mwana wawo wobereka n'kumupatsa ntchito yogwira tochi. Kachilonda kameneko sikanapole. Ndiye amakaniko atamva za kamuviko ndi kulankhulapo, mawu awo anagwera pachilonda pomwepo.

"Alamu, ibweretseni padzenje la m'galaja tiione kunsi," anatero amakaniko. "Kamuvi kameneka sikayenda kokha. Kali ndi kebulo, kebuloyo ili ndi kagiya kake, kagiyako kali ndi chokazunguza. Tiyambire kumene mphamvu ikuchokera."

"Zimenezo ndinazidziwa kale, alamu," anayankha Hutala akupukuta galasi. "Yafa ndi wotchi ya liwiroyo basi. Galimotoyi ndakula nayo ine."

Amakaniko sanalimbane naye. Anangomuyang'ana, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Loweruka Hutala anapita kwa ogulitsa zida za magalimoto akufa, n'kubwerako ndi wotchi ya liwiro yofanana ndi yake. Anakanganula dashibodi ndi sikuludiraiva, timano tapulasitiki togwirizira tikuthyoka kamodzikamodzi, mpaka anaika wotchi ija. Anayendetsa kuzungulira makola, maso ali pakamuvi. Kamuvi katsopanoko kanagona chimodzimodzi ndi kakale, ndipo phindu lokha limene anapeza linali dashibodi imene tsopano inkalira ngati chitini cha misomali.

Munthu wina akanaima pamenepo n'kukagogoda kugalaja. Hutala ayi. Anati ndiye kuti yaduka ndi kebulo, ndipo zimenezinso anati ankazikayikira kale. Anagula kebulo yatsopano, n'kukwawira pansi pa galimoto kukaimangirira pa giyabokosi yaing'ono, ija imagawa mphamvu ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Kunsiko anapeza mwanyowa oyilo. Anapukuta ndi sanza. Potuluka anagwira shafiti, chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu kupita nayo ku matayala a kumbuyo, kuti adzikoke nacho, ndipo chinagwedera m'manja mwake. Anangoti galimoto yokalamba ili ngati nkhalamba, mfundo sizilephera kulobodoka. Apa ndi pamene Hutala amandikwiyitsa ine wofotokozane, chifukwa yankho analigwira ndi dzanja lake, n'kulisiya.

Kamuvi sikanadzuke. Pofuna kubisa manyazi, Hutala analengeza kuti dalaivala weniweni safuna kamuvi, liwiro amalimva ndi khutu komanso ndi msana. Anatulutsa kachithunzi ka malemu bambo ake m'kachikwama, n'kukamata pagalasi la wotchiyo kuti asamaonenso ziro uja. Alongo ake ataona anaseka, n'kunena kuti bambo ali moyo sankalola ngakhale fumbi pagalasi limenelo, lero aikidwapo okha kukhala chotchinga.

Masiku anapita. Pamalo pamene galimoto inkagona panayamba kuoneka madontho akuda. Ikathamanga, pansi pa mpando pankamveka kunjenjemera, ndipo akachotsa phazi pamoto kunsi kunkagunda kamodzi kuti gu. Amakaniko anaona madonthowo, n'kugwada kuwakhudza ndi chala. Anamupeza Hutala akukweza mathireyi a mazira.

"Alamu, kamuvi kaja ndi oyilo uyu ndi nkhani imodzi. Musanyamule katundu musanaibweretse. Ndi ntchito yaing'ono ikakhala lero."

Hutala anayankha kuti oyilo ameneyo akumudziwa, wakhala akudontha kuyambira bambo ali moyo. Bodza lake linali loonekeratu, koma analinena molimba mtima mwakuti ngakhale iye mwini analikhulupirira. Amakaniko anakauza akazi awo. Mayiwo, poopa kuoneka ngati akukondera mwamuna kuposa m'bale, anangoti mwana wa bambo asiyidwe, mawu anapangana kale.

Tsiku lake linafika pamene sukulu ina yogonera komweko inaitanitsa mazira ochuluka kuposa kale lonse. Mathireyi anadzaza kumbuyo mpaka kulekeza m'zitsulo. Msewu wa kusukuluko unali wafumbi, wa timizeremizere togwedeza mano, ndipo khutu la Hutala linamuuza kuti akuyenda bwino. Potsetsereka chitunda, kunsi kunalira ngati wina wagwetsa mulu wa makasu. Shafiti inasololoka pa giyabokosi yaing'ono, mutu wake n'kuzika m'nthaka, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunanyamuka m'mwamba n'kugwa pansi mwamphamvu. Hutala anagunda chipumi pachiwongolero, galimoto n'kukaima m'ngalande.

Anatuluka m'galimotomo. Sanavulale kwenikweni, koma atayang'ana kumbuyo anapeza katundu yense atasweka. Mazira ankayenderera m'mphepete mwa galimoto, kusakanikirana ndi oyilo pafumbi, ntchentche zitayamba kale kusonkhana. Anaima nthawi yaitali foni ili m'manja. Munthu yekhayo amene akanabwera ndi tcheni chokokera anali yemwe uja anamukana kawiri.

Amakaniko anabwera, anamanga tcheni, ndipo njira yonse sananene mawu oti ndinakuuzani. Hutala akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi chete ameneyo.

M'mawa mwake galimoto inali padzenje la m'galaja. Amakaniko anaitana Hutala kuti atsike nawo, ndipo anamupatsa tochi. Anapempha akazi awo kuti akhale pampando wa dalaivala, amatule kachithunzi kaja ndi kuyang'ana kamuvi. Kenaka anamasula kebulo kunsi, n'kulowetsa nsonga yake m'makina obowolera, n'kuwayatsa.

"Kadzuka," anatero mayiwo ali m'galimotomo. "Kakukwera bwinobwino."

Amakaniko anati ndiye kuti wotchi ndi kebulo zilibe mlandu. Anatenga wotchi yakale ndi kebulo yakale zimene Hutala anaponya pangodya, n'kuziyesa chimodzimodzi, ndipo nazonso zinayenda. Anasolola kagiya kapulasitiki kamene kamazunguza kebulo, n'kukaunika patochi, mano ake onse analipo. Atatero analowetsa chala m'kati mwa giyabokosi ndi kukankha giya imene imazunguza kagiyako. Inazungulira yokha pachitsulo chake, lobodolobodo ngati mphete yaikulu pachala.

Anafotokoza mosakweza mawu. Pagalimoto zamtundu umenewu giya imeneyo ilibe china choigwira. Imapanidwa ndi nati yaikulu, yomweyo imene imamanga chitsulo chogwira shafiti. Natiyo ikayamba kumasuka, giya imaterereka, kamuvi n'kunjenjemera. Ikamasuka kwambiri, kamuvi kamagona, oyilo amapeza podutsa, shafiti imagwedera. Ikachokeratu, zotsatira zake ndi zimene zinali m'ngalande dzulo lake.

"Kamuvi sikanafe, alamu," anatero amakaniko. "Kamakuuzani kuti nati ikuthawa."

Mayiwo anasuzumira m'dzenjemo n'kufunsa amuna awo kuti tsiku loyamba lija ntchitoyo ikanafuna chiyani. Amakaniko anazengereza, chifukwa sankafuna kumaliza munthu wogwa kale. Koma funso linali litafunsidwa, ndipo analoza sipanala yaikulu imene inali pakhoma.

Kukonza kunatenga nthawi chifukwa zowonongeka zinali zitachuluka. Anaika bering'i ina yoti chitsulo chizizungulirapo, labala watsopano wotseka oyilo ndi shafiti ina, popeza yakale inali itapindika. Nati yatsopano anaimanga mpaka pamlingo wake n'kuikhoma kapini kuti isabwererenso. Anathira oyilo, anabwezeretsa wotchi yakale ya malemu, ndipo dashibodi anaigwiriza ndi timabawuti m'malo mwa timano tija. Ntchito yonseyo Hutala anagwira tochi, ndipo ulendo uno sanadandaule. Poyesa galimoto pamsewu, kamuvi kananyamuka pa ziro n'kukwera mwaulemu, osanjenjemera ngakhale pang'ono, manambala a mtunda nawo n'kuyambanso kugudubuzika.

Atabwerera pakhomo, alongo ake anali pakhonde akusankha mazira. Sanamuitane, sanamukumbutse kanthu. Hutala anaima pafupi ndi galimoto, makiyi ali m'manja, mtima ukumuwawa ngati tsiku la maliro. Kenaka anakwera pakhondepo n'kuwaika patebulo.

"Achemwali, mawu aja ndi awa."

Mayiwo anatenga makiyiwo, misozi ikulengeza, koma sanawabweze. M'malo mwake anatulutsa kachithunzi ka malemu m'thumba la epuloni n'kumupatsa. Sukulu ija inali itapeza kale wina wogulako mazira, ndipo iwo analibenso mtima woyesa kachiwiri.

Lero pikapu ija imayendetsedwa ndi dalaivala wolembedwa ntchito, bambo wodekha amene malemu sanamuonepo. Hutala amakweza mathireyi, kenaka amamenya chibakera chitseko cha kumanzere n'kukhala pampando wa wokwera. Kuchokera pamenepo kamuvi kamaoneka bwino kwambiri, ndipo amakayang'ana njira yonse, kachithunzi ka bambo ake kali m'thumba la malaya. Galimoto anailirira ija ikuyenda bwino kuposa kale, koma chiwongolero chili m'manja mwa mlendo. Akuluakulu sananame pamene anati Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.