Mizere Iwiri pa Payi

Kalekale, mabasi opita kumidzi ya kutsidya kwa mtsinje wa Rivirivi akadali awiri okha pa tsiku, kunali bambo ena, a Yotamu Ngondo. Bambowa anagwira ntchito zaka makumi atatu pa lesitilanti ina ya pa Balaka, imene anthu ankangoitchula kuti kwa Mapayi. Iwo ndiwo ankakanda ufa, kuupyapyalitsa ndi botolo, kuikamo zam'kati, kutsina m'mphepete ndi foloko, n'kulowetsa mu uvuni. Mapayi awo anali amitundu iwiri: anyama, okhala ndi anyezi ndi tsabola, ndi otsekemera, a nthochi zophikidwa m'shuga. Poti kunja ankafanana ngati mapasa, a Yotamu ankawaika chizindikiro asanawawotche. Wanyama ankamucheka mizere iwiri ndi mpeni, wanthochi ankamubaya timabowo titatu.

M'zaka zonsezo iwo sanakhalepo pampando wa m'chipinda chodyeramo alendo. Antchito ankadyera kuseri, pafupi ndi mulu wa nkhuni, chiimirire. Mapayi osweka ndiwo ankapita nawo kumudzi, ndipo ana awo atatu, Esinta, Filesi ndi Ndaziona, anakula akuimba pogawana kuti, "Mizere iwiri nyama, timabowo titatu nthochi."

Ukalamba unawapeza ndi matenda a shuga, akazi awo atamwalira kale. Esinta, mwana woyamba, ndiye anawatenga. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anawaphikira ndiwo zopanda mchere, tiyi wopanda shuga, ndi kuwabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Filesi ankagulitsa kaunjika m'tauni, ankangofika mwa apo ndi apo ndi phokoso lake. Ndaziona, chitsiriza, anali munthu wa mawu ochepa. Akakhala pagulu ankangoyang'ana, moti abale ake ankaiwala kuti alipo.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, ana atatuwo anaperekeza bambo awo kuchipatala. Adokotala atawayeza anapukusa mutu.

"Shuga wakwera kwambiri. Chotsekemera chilichonse ayi, ndipo jakisoni wa madzulo ano asaphonye."

Njira ya kudepoti inkadutsa kwa Mapayi. Fungo la uvuni litawamenya m'mphuno, a Yotamu anaima, nazika ndodo yawo m'matope.

"Ana inu, ndilowetseni umu. Ndikufuna ndikakhale pampando."

"Ababa, adokotala alankhula Chichewa chomveka," anatero Esinta.

"Sindinati kudya. Ndati pampando."

"Pampando wa m'lesitilanti munthu amakhalapo kuti azionera makoma? Tiyeni, basi itisiya."

Filesi analowerera. "Achemwali, mwawasunga bwino, palibe angakane. Koma mwawasunga ngati mbewu ya padenga, yongotetezedwa kwa anankafumbwe. Payi mmodzi wanyama angawatani? Adokotala aletsa shuga."

"Iwe umabwera pa Khirisimasi ndi malalanje awiri, lero ndiwe wodziwa kusamala wodwala?"

"Ine ndikudziwa kuti awa ndi munthu."

Mawu amenewo anamulasa Esinta. "Chabwino, ine ndiye ndimawayesa mbuzi. Lowani. Mundipeza kunyumba."

Anatembenuka, chikwama paphewa, nakakwera basi ya masana. Ndi mkwiyowo sanakumbukire kuti pansi pa chikwamacho panali kabotolo ka mankhwala kokulungidwa m'kansalu konyowa, pamodzi ndi majakisoni.

Filesi anawerama, nabereka bambo ake kumsana, nakwera nawo masitepe asanu a pakhonde. Anawakhazika patebulo la pawindo, lokhala ndi nsalu yoyera, naitana mayi woperekera zakudya mokweza kuti chipinda chonse chimve.

"Awa ndi amene anayamba mapayi a pano, muwalandire bwino! Tipatseni anayi, awiri anyama, awiri anthochi. Anthochiwo ndi a ine ndi mng'ono wangayu."

Mayiyo anamwetulira mwaulemu, koma dzina la Yotamu sankalidziwa. Anabweretsa mapayi onse anayi pa mbale imodzi, utsi uli tolotolo. Filesi anaimirira. "Ndaziona, apatse ababa wanyama. Ndikafunse nthawi ya basi yomaliza." Anatuluka.

Ndaziona anayang'ana pambale. Awiri anali ndi mizere iwiri, awiri anali ndi timabowo. Sanafunse munthu, akanafunsiranji chinthu chimene anachiimba asanadziwe ndi kuwerenga komwe? Anatenga wa mizere iwiri, naupereka ndi manja awiri. Sankadziwa kuti wophika wa masiku amenewo, amene sanaonanepo ndi a Yotamu, ankacheka mizere pa mapayi anthochi.

A Yotamu anautembenuza payiyo ngati munthu wogula mbuzi. "M'mphepetemu sanatsine bwino. Ulesi." Analuma. Kenaka anasiya kutafuna, natseka maso.

Fungo la nthochi linamufika Ndaziona. Anaona kachikasu pamlomo wa bambo ake. Anatambasula dzanja, koma dzanja la bambo ake, louma ngati khungwa, linagwera pamwamba pa lake.

"Ababa, ndi wanthochi."

"Ukuuza ine za payi?" Analankhula motsitsa mawu. "Mwana wanga, usandilande chakudya pamaso pa anthu. Kuseri kuja ndinalandidwa mokwanira."

Ndaziona anawayang'ana. Anali atakhala mowongoka, chipewa pabondo, chigongono pansalu yoyera, misozi ikutsikira m'ndevu. Chiyambire kudwala anali asanawaonepo akudya chinthu mochikonda. Pang'onopang'ono anabweza dzanja lake. Bambowo anamaliza, natola nyenyeswa ndi chala. Atatambasulira dzanja pa wachiwiri wa mizere, Ndaziona anayang'ana pawindo, pamene mvula inali itayamba kuwaza.

Filesi pobwera anatenga wa timabowo, naluma. "Aa, anthu awa asokoneza, atipatsa anyama okhaokha! Basi, zatithandiza." Anaseka. Ndaziona anapitiriza kuyang'ana pawindo, ndipo bambo ake sanamuyang'ane.

Anakwera basi yomaliza. Kumtunda mvula inali itagwa yosaneneka kukula kwake, ndipo pofika pa Rivirivi anapeza mlatho wamira, madzi ofiira akukokolola mitengo. Dalaivala poyesa kutembenuka, basi inatitimira mpaka m'mimba. Kutsogolo kunalibe njira, kumbuyo msewu unali phala.

Dzuwa lisanalowe, kutsidya kunaoneka munthu akuthamanga, chikwama chili m'mwamba. Anali Esinta. Atafika kunyumba n'kutsegula chikwamacho, anabwerera liwiro lokhalokha. Analowa m'madzi mpaka m'chiuno, amuna atatu n'kumukoka akulimbana nawo. Ndaziona ankamuona akutsegula pakamwa, koma mkokomo wa mtsinje unkameza mawu onse. Mankhwala anali apo, poonekera, ndipo wodwala anali pano.

A Yotamu anayamba ludzu. Anamwa madzi a m'botolo lawo, a anthu ena, ndi amvula otungidwa m'chipewa, koma ludzu silinathe. Kutacha madzi a mumtsinje anali asanatsike. Filesi anavula nsapato, nauyamba wapansi kukafuna ngolo yoti iwabwezere kuchipatala. Ndaziona anatsala atawatsamiritsa pamiyendo pake. Mpweya wawo unkanunkha ngati zipatso zoyamba kuola.

"Ndaziona."

"Ababa."

"Mnyamata wophika mapayi uja amapsereza pansi. Ine sindinkapsereza. Koma ndadya nditakhala."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza. Filesi anafika masana ndi ngolo ya ng'ombe, mapazi ali magazi, napeza bambo ake ali m'tulo tosadzutsika. Bambowo anatsirizikira pangolopo, asanayende ndi mtunda umodzi womwe.

Madzi anatsika tsiku lachitatu, maliro n'kuwoloka.

Mwini maliro anali mlongo wa malemu, azakhali a anawo, aNangondo. M'mawa wa tsiku loika, adzukulu atatumiza uthenga kuti manda atha, aNangondo anayala chitenje pakhomo la nyumba ya maliro, nakhalapo, naitana ana atatuwo.

"Mlongo wanga anachoka pano akuyenda ndi ndodo, wabwera atanyamulidwa. Kwathu maliro otere satuluka m'nyumba wolakwa asanagwade kumutu kwa bokosi n'kupepesa, kuti wopitayo apite osacheuka. Ndikufuna mmodzi. Kupepesa kwa gulu n'kubisalirana."

Aliyense pabwalopo ankadziwa kulemera kwa mawuwo. Wogwadayo mudzi sudzamuiwala. Ana ake ndi adzukulu ake adzakula akulozedwa kuti amayi awo ndi aja anapepesa pabokosi.

Esinta ndiye anayamba, mawu ali osasa ndi kulira. "Azakhali, zaka zisanu ndi chimodzi ababa sanagonepo osabayidwa. Ndinati tisalowe. Amene anawabereka n'kuwakweza masitepe aja ndi uyu."

"Ndinawabereka, inde, ndipo ndingawaberekenso," anatero Filesi. "Ndinawapatsa mpando ndi payi wanyama. Nyama siinaphe munthu. Amene anathawa ndi mankhwala chifukwa cha mawu awiri ndani? Mukanapsa mtima n'kutisiyira chikwama, achemwali."

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena uku, ena uku. Palibe ankayang'ana Ndaziona. Chimene chinachitika patebulo lija ankachidziwa anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali m'bokosi. Akanakhala chete monga mwa masiku onse, mlandu ukanagwera mmodzi wa akulu akewo, iye n'kutsala woyera. Anayang'ana mapazi a Filesi omangidwa nsanza, nayang'ana mikono ya Esinta yokalika ndi zikhadabo za amuna amene anamukoka m'madzi.

"Sanadye wanyama," anatero.

Mawuwo anali aang'ono, moti aNangondo anati, "Wati chiyani, mwana iwe?"

"Anadya anthochi, awiri. Ndinawapatsa ndine. Ndinatsata mizere ya ababa, osadziwa kuti pano anasintha. Ataluma ndinazindikira. Anandipempha kuti ndisawalande, ndipo sindinawalande."

Esinta anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Unamva adokotala ndi makutu ako. Unali ndi manja awiri, Ndaziona."

"Ndinali nawo, achemwali."

Filesi anakhala pansi mwadzidzidzi, manja kumutu. "Ndine ndinaitanitsa anthochiwo. Ndine ndinawasiya pa mbale imodzi n'kutuluka."

Apo mlandu unakula m'malo mochepa. Bambo wina wodwala shuga yemwe anati mapayi awiri sangaphe munthu amene wabayidwa jakisoni wake pa nthawi yake, choncho nkhani ndi chikwama. Mayi wina anati chikwama chikanapita bwanji pakanapanda kutukwanizana pakhomo la lesitilanti, ndipo anayambitsa ndi amene anatsutsa mawu a wosamala wodwala. Wina anati zonsezo n'zakutali, pafupi penipeni panali dzanja limene linatambasuka kenaka n'kubwerera. Mkulu wa mpingo anayesa kuziziritsa zinthu, nati malemuwo anali munthu wamkulu, anadziwa chimene ankadya, ndipo anasankha okha.

"Wakufa sagwada," anatero aNangondo. "Mtsinjenso sugwada. Ndikufuna mmodzi mwa awa."

Dzuwa linapendeka. Kumadzulo mitambo inayamba kuda, ndipo adzukulu anatumizanso uthenga kuti mvula ikagwa manda adzaza madzi. Ana atatuwo anali chikhalire pakhomo, osayang'anana, bokosi la bambo awo lili m'kati.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mitambo ija siidikira, weruzani. Esinta anawapatsa bambo ake zaka zisanu ndi chimodzi, n'kuwachokera tsiku limodzi ndi mankhwala paphewa. Filesi anawapatsa mpando umene anaulakalaka moyo wawo wonse, ndipo pampando pomwepo mpamene imfa yawo inayambira. Ndaziona analakwitsa potsata chizindikiro chimene bambo ake omwe anamuphunzitsa, ndipo atazindikira anamvera pempho lawo m'malo mwa mawu a adokotala. Akanapanda kuulula yekha, palibe akanadziwa. Mwa atatuwa, ndani ayenera kulowa m'nyumbamo n'kukagwada kumutu kwa bokosi?