Mazira a pa Bolodi

Masiku aja munthu sunkalowa mumsika wa Salima wopanda khadi la chipani, pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja padali mphunzitsi wamkulu dzina lawo a Yesaya. Masamu a Sitandade 8 adali awo, ndipo palibe adayesapo kuwalanda choko. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Chidawaononga ndi mtima wapachala komanso matama, pakuti kwa iwo kufunsa kudali ngati kuvula malaya pagulu.

M'kalasimo mudalinso mwana wawo Pauline, yemwe ankabwereza kachitatu. Malo a ku sekondale adali ochepa, ndipo kukhoza kokha sikunkakwanira, umayenera kuposa anzako kuti usankhidwe. Malume ake a mtsikanayu, a Masautso, adali atanena kale poyera.

"Alamu, chaka chino ndi chomaliza. Akapanda kusankhidwa ndidzamutenga akalime mpunga ku Chinguluwe. Mwamuna womufuna aliko kale."

Kusukulu a Yesaya adali mkulu, koma kwa akazi awo adali mkamwini chabe, ndipo mawu a mwini mbumba sakadawabweza. Adangolumbira mumtima kuti mwanayo adzasankhidwa.

Chaka chomwecho m'mapepala oyeserera mayeso mudatulukira masamu achilendo. Funso lina lidati padoko lina asodzi 70 peresenti amapha usipa, 50 peresenti amapha chambo, ndipo palibe msodzi wosapha chimodzi mwa ziwirizi. Nanga opha zonse ziwiri ndi angati pa 100 aliwonse?

A Yesaya adaphatikiza manambalawo pa bolodi napeza 120. Adafufuta, adaphatikizanso, yomweyo. Ana onse ankawayang'ana, ndiye funsolo adalisandutsa nthabwala.

"Doko lanji lokhala ndi asodzi 120 pa 100 aliwonse? Enawo ndi mizukwa? Wolemba funsoli ankawodzera. Mukakumana ndi lotere pa mayeso, lidumpheni, musataye nthawi."

Ana adaseka, nasunga lamulolo monga ankasungira malamulo onse a ahedi.

Pasukulupo padali mphunzitsi watsopano wochokera ku koleji, Elsie, yemwe a Yesaya adamuphunzitsa ali kamwana. Atamva za funsolo adapita ku ofesi mwaulemu, manja kumbuyo.

"Pepani ahedi, funso lija lilibe vuto. Timajambula mabwalo awiri olowerana, ndiye pakati pawo..."

"Iwe Elsie," adamudula a Yesaya, "mamina ndidakupukuta ndine. Lero undiphunzitse kujambula mazira pa bolodi? Bwerera kwa tiana tako ukaimbitse a e i o u."

Chidawapsetsa mtima sichidali chipongwe, chifukwa mtsikanayo sadachite chipongwe. Pansi pa mtima ankadziwa kuti funsolo lawakanika, ndipo mwana wadzana uja akulidziwa. Munthu wamatama amakhululukira womutukwana, koma womudziwa kufooka kwake samukhululukira.

Masana ena akuchokera kudoko, a Yesaya adapeza Pauline ndi mnzake Tausi, mwana wa a Musa asodzi, atagwada kuseri kwa nyumba ya Elsie. Pamchenga padali mabwalo awiri olowerana, Elsie ali ndi kamtengo m'manja. A Yesaya sadapereke ndi moni womwe. Adaponda mabwalowo ndi nsapato, napukusa phazi mpaka padasalala.

"Dzuka."

"Bambo, ndimangoyamba kumene kumva," adatero Pauline.

"Mphunzitsi wako wa masamu ndani, ine kapena uyu? Ndikadzakuonanso pano, sukulu yomweyo udzaisiya mayeso asadafike."

Kunyumba akazi awo, mayi Fanny, adayesa kuwazizira. "Bambo a Pauline, mukadangomumvera mtsikanayo kamodzi kokha mukadataya chiyani? Mwana ndi wathu tomwe, ndipo achimwene saseka."

"Za kusukulu zisiyireni eni ake," adayankha a Yesaya, nkhani nkuthera pomwepo.

Pauline adamvera, poti akadatani. Tausi, yemwe bambo ake sadali ahedi, adapitiriza kupita kwa Elsie.

Tsiku la masamu Pauline adatuluka m'chipinda cha mayeso nkhope ili pansi. Bambo ake ankamudikira pansi pa mtengo wa mango.

"Mazira aja anabwera, bambo, ndipo sanabwere amodzi. Ndawadumpha onse monga munanenera."

"Wachita bwino," adatero a Yesaya. Ngakhale pamenepo sadapite kukafunsa Elsie. Adadzilimbitsa mtima kuti ochonga mayeso adzaona okha kulakwika kwa mafunsowo.

Zotsatira zitabwera kuchokera ku boma, pasukulu yonse padasankhidwa mwana mmodzi, Tausi. Pauline adakhoza monga zaka zinazo, koma kukhoza kopanda kusankhidwa. Makolo ena adayamba kung'ung'udza kudoko, ena osawayankha moni ahedi. A Masautso sadachedwe, adafika pa njinga atamangirira kale chiguduli pa kaliyala.

Mayi Fanny, amene pa ukwati wawo wonse sadakwezepo mawu kwa amuna awo, tsiku limenelo adaima pakhomo maso ali psuu.

"Mwana wanga mudamuponda ndi nsapato yanu ija. Ana a eni ake mwawagwetsa, wanu yemwe mwamugwetsa, chifukwa choopa kugwada kwa kamphindi. Idyani ulemu wanuwo tsopano, tione ngati mukhute."

A Yesaya adatembenukira kwa mlamu wawo. "Alamu, chaka chimodzi chokha."

"Tidapangana," adatero a Masautso. "Inu mwayesa katatu. Mbumba ndi yanga."

Pauline sadalire. Adatsanzikana ndi mayi ake, nakwera pa kaliyala ndi kamtolo kake ka zovala. Atayang'ana bambo ake adangoti, "Tsalani bwino, aphunzitsi."

Mawu amenewo ndiwo adawanyamula a Yesaya mpaka kwa Elsie, ulendo womwe adaukana chaka chonse. Adaima pabwalo chipewa chili m'manja.

"Ndionetse mazira aja."

Elsie adatola kamtengo najambula pamchenga. "Bwalo ili ndi la opha usipa, ili la opha chambo. Tengani a Musa. Usipa amapha, chambo amaphanso. Powerenga a usipa mwawawerenga, powerenga a chambo mwawawerenganso, koma a Musa ndi munthu mmodzi. Malo awo ndi pakati apa. Ndiye 20 yopyola pa 100 ija ndi anthu ngati iwowo, owerengedwa kawiri. Yankho ndi lomwelo."

"Basi?"

"Basi, ahedi."

Kufotokoza konseko sikudatenge ndi nthawi yosongolera pensulo. A Yesaya adakumbukira kuti iwo omwe akhala akugula usipa ndi chambo m'bwato limodzi la a Musa zaka zonsezi. Ukali udawakwera, koma ulendo uno padalibe wina woti amukalipire. Adabwerera kunyumba akutsata mkukuluzi wa matayala a njinga pamchenga, mpaka pomwe udakhotera kumsewu wa ku Chinguluwe.

Uchi udali pafupi, m'manja mwa mwana amene adamuphunzitsa okha, koma iwo adasankha kutafuna zotsalira, nadyetsanso mwana wawo. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.